Nsapato Zolowera pa Ntaja

Phalula, zaka za pa dibi

Ana anga, za ubusa wanga ndi za njala ya paubwana ndinakuuzani kale pakamwa, choncho pano ndiyambira pa ntchito. Ntchito yanga yoyamba inali ya pa dibi ku Phalula, pamene ng'ombe zinkasamba mankhwala ophera nkhupakupa. Ine ndinali wotunga madzi, wovundula mankhwala ndi wokuwa kumbuyo kwa ng'ombe zokana kudumpha. Kulemba sindinkadziwa. Sukulu ya kwacha ndinaiyamba ndili ndi ndevu, mayi anu ali ndi pakati pa Agnesi, ndipo ndinkakhala benchi limodzi ndi azimayi amene ankandiseka kuti pensulo ndikuigwira ngati mkwapulo. Ndinalimbikira mpaka ndinakhoza mayeso a pulayimale, kenaka ananditumiza ku maphunziro a miyezi ingapo a zosamalira ziweto. Nditabwerako ndinapeza madibi akufa chifukwa chosowa mankhwala, ndiye ofesi inandipatsa ntchito yoyenda m'midzi, kuthena, kubaya ndi kulangiza alimi. Anandipatsanso njinga yamoto yofiira, yakale, imene inkafuna kuimenya kiki mpaka thukuta.

Mayendedwe otsimphina a malume anu a Feliksi mukuwadziwa. Ndinawanyamula ndine pa njinga ija tsiku la ngoziyo, iwo atavala patapata, ndipo chidendene chawo chinalowa mu masipoko a tayala lakumbuyo. Mpaka lero sanandinenepo mawu oipa, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi simandichoka. Ndailemba pano kuti mumvetse za majombo anga. Atatuluka m'chipatala malume anuwo, ndinagula majombo kwa mlonda wina wopuma ntchito, achikopa cholimba, ofika pansi pa bondo, okhala ndi chitsulo kuzala ndi zingwe zazitali zoti kumanga kwake tiyi ankazizira. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzakweranso njinga yamoto popanda amenewo. Ankalemera, ankatentha, ndipo madzulo ndikawavula mayi anu ankatulutsa ana m'nyumba. Ndinkapita nawo ngakhale ku tchalitchi, mayi anu n'kumayenda patsogolo patali ngati sitikudziwana. Koma anandithandiza. Ku Phalula mabanja ambiri ankaweta nkhumba, ndipo tsiku lina nkhumba yaimuna imene ndinkafuna kuibaya inandigwira pa msongolo. Mano analowa m'chikopa cha jombo koma thupi langa sanalipeze. Mabowo aja ndinkawanyadira ngati mendulo.

Ntaja, chilimwe choyamba

Atandisamutsira ku Ntaja ndinakapeza bwana amene ndikufuna kuti mumudziwe, chifukwa mwa mabwana onse amene ndinagwira nawo ntchito palibe wofanana naye. Dzina lawo linali Che Sumani, munthu wamfupi, wa imvi zochepa, Msilamu wa komweko. Anali atayenda pa njinga yamoto zaka zambiri kuposa wina aliyense m'boma lathu, koma sankathamanga. Anyamata ankamupitirira pa msewu akumuombera belu, iye n'kuwapeza kutsogolo akukoka njinga zawo mumchenga. Chodabwitsa china chinali ukhondo wa Che Sumani. Tonse tinkafika ku ntchito ngati tatuluka m'dzenje, koma iwo ankatsika pa njinga thalauza ili yoongoka, n'kulowa mu msonkhano wa maofesala kapena mu mzikiti osasintha kalikonse. Sankakalipa. Akafuna kukudzudzula ankayamba akufunsa za kunyumba.

Ananditumiza ku midzi ya kum'mawa kwa msika kukapereka katemera wa chitopa. Ntchitoyi ndi yosavuta: dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse. Chovuta ndi nthawi. Katemera amayenda mu fulasiki ya madzi oundana, ukatsegula botolo uyenera kulimaliza m'mawa womwewo, ndipo eni nkhuku ayenera kuzitsekera kuti uzipeze. Chitopa chimabwera ndi kutentha, ndipo kutentha kunali pafupi. Pa nthawiyo katemera ankasowanso, kotero botolo lililonse lotayika ku Ntaja linali lolandidwa kwa alimi a dera lina.

Sabata yanga yoyamba ndinalowa mu tiyirumu ya pafupi ndi msika, mmene munali abambo ambiri ochokera ku swala ku mzikiti. Anandilandira bwino, ndipo mmodzi anafunsa za majombo anga. Ine pofuna kuti andione ngati dokotala weniweni ndinakweza phazi pa benchi n'kuyamba kufotokoza za nkhumba ija, kukula kwake, mmene inandigwirira, ndi makhola onse a nkhumba amene majombowo anapondamo ku Phalula. Ndinawaonetsa mabowo, ndinawauzanso kuti agwire. Palibe anagwira. Mkulu wina anangoti, "Ndi olimba ndithu," n'kusuntha kapu yake. Ine ndinatuluka ndikuganiza kuti ndapeza abwenzi.

Kuyambira pamenepo nkhuku za ku Ntaja zinayamba kudzuka m'mawa kwambiri. Pakhomo paliponse pamene ndinkafika ankandichingamira kumsewu ndisanalowe pabwalo. "Pepani a dokotala, zatuluka kale." Kwina ankati kiyi wa khola wapita ndi mwini wake, ngakhale kholalo linali lotseka ndi chipika. Mayi wina wamasiye, Abiti Jafali, ndiye anali ndi nkhuku zambiri kuposa onse, ndipo azimayi a m'deralo ankayang'ana kwa iwo asanavomere chinthu chachilendo. Amenewa ankandilonjera mwaulemu wonse ataima pa mpata wa mpanda, nkhuku zikulira m'kati ndikuzimva, iwo n'kumati, "Mwachedwa pang'ono, baba. Mwina mawa." Ndinkabwerera ndi botolo lotsegula, n'kukalitaya kuseri kwa ofesi.

Madzulo ena Che Sumani anandiitana pansi pa mtengo wa mango umene tinkaimikapo njinga. Anafunsa za mayi anu, za chifuwa cha Agnesi, ndipo ndinadziwa kuti zanga zafika.

"Che Makawa," anatero, pakuti ankanditchula mwa Chiyao ngakhale ndine Mkatolika wa ku Phalula, "a ku boma afunsa za mabotolo. Akuti ngati ku Ntaja katemera sakuyenda, njinga ibwerere ku Balaka ipatsidwe wina, inu mubwerere ku dibi."

"Dibi yake iti, bwana? Ija ilibe ndi madzi omwe."

"N'chifukwa chake ndakuitanani pano, osati mu ofesi. Tandiuzani, nkhuku zikutuluka nthawi yanji masiku ano?"

"Anthu akuno sakundifuna. Mwina chifukwa ndine Mkhristu."

"Iyayi. Namwino wa pachipatala apa ndi wa Chikatolika, ndipo azimayi amamusungira mpunga. Inu sakukukanani. Akukana zimene mwavalazo." Analoza pansi ndi kiyi wa njinga. "Mudzi wonse ukuwatchula majombo a nkhumba. Ana akumajambula mabowo ake pa mchenga."

Ndinati ndingathe kuwatsuka ndi sopo pamaso pa anthu.

"Mashehe angakuuzeni kuti chinthu chikatsukidwa bwino chayera. Koma Abiti Jafali si shehe. Akaona mabowo amenewo amaona nkhumba itaima pabwalo pamene amayala mkeka wopempherera. Ndiye palinso china. Munakhalapo pa mkeka pakhomo pa munthu chibwerereni kuno?"

Sindinakhalepo. Kumasula zingwe zija kunali ntchito, ndiye ndinkalankhula nditaima, chipewa cha njinga chili m'khwapa.

"Kuno munthu woima pakhomo atavala zoterezi amakhala wabwera kudzagwira wina," anatero. "Nkhani ya chiweto imayambira pansi, nsapato zili pambali."

Apa ndi pamene ndinauma mutu. Ndinawauza kuti ndilola kubwerera ku dibi youma koma pa njinga sindikwera popanda majombo amenewo, chifukwa ndinaona ndi maso anga zimene masipoko amachita ndi phazi la munthu. Che Sumani sanafunse kuti linali phazi la ndani. Ulemu umenewu sindinauiwale. M'malo mwake anawerama, anakweza thalauza lawo, ndipo ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti zimene ndinkayesa nsapato za mu ofesi zinali zokwera kupitirira akakolo. Anatsitsa zipi, anavula imodzi mosavuta ngati chipewa, n'kundipatsa. Inali yopepuka, koma kuchidendene kunali gwa, ndipo m'mbali munali chipsera chakuda chachikulu.

"Ekizozi imeneyo. Njinga inandigonera mumchenga wa ku Nselema, ndinakhala pansi pake mpaka anthu anabwera. Phazi ndi ili, muwerenge zala ngati mukufuna. Sindinati muvale patapata, Che Makawa. Loweruka tipite ku Balaka. Mukakapanda kupeza yokukhutiritsani, sindidzatchulanso nkhaniyi, ndipo kiyi mudzakapereka nokha."

Balaka, Loweruka lomwelo

Ndinafuna kuti tinyamuke m'mamawa, koma iwo anakana. Anati nsapato sagula m'mawa phazi likadali laling'ono. Ugule masana litatupa ndi kuyenda, chifukwa phazi limenelo ndi limene udzakhala nalo pa ntchito. Anandiuzanso kuti nditenge masokosi amene ndimavala masiku onse. Tinadutsa pa Liwonde dzuwa lili pamutu, ine kumbuyo kwawo ndi majombo anga.

Ogulitsa nsapato za kaunjika ankayala chapafupi ndi siteshoni ya sitima. Tinaima pa mulu wa bambo wina wonenepa, wolankhula mosapuma, amene atangoona Che Sumani anafuula kuti, "Afika madala ovuta aja! Bisani zabwino, azipotokola!" Ine maso anga anathamangira pa majombo oyera aatali apulasitiki, okhala ndi zomangira ngati za chishalo, amene wogulitsayo anati ndi a azungu ochita mpikisano. Ndinawavala ndipo ndinamva mtima kukhala pansi. Che Sumani anangoti, "Tanjutani, ngati mukugwira nkhuku." Ndinayesa. Mawondo anapinda koma akakolo anakana, ndipo ndinagwa chagada pa mulu wa nsapato za ana. Azimayi ogulitsa tomato tsidya lina anaomba m'manja.

"Amenewo ndi a munthu amene ntchito yake ndi kugwa," anatero Che Sumani. "Inu pa njinga mumakhalapo pang'ono, tsiku lonse mumayenda ndi kunjuta. Nsapato yoteteza imene ikupweteka mudzaisiya kunyumba tsiku lotentha, ndipo tsiku limenelo ndi limene mudzagwe."

Wogulitsa anabweretsa zosongoka zonyezimira. "Izi ndiye za bwana. Mukalowa nazo pa boma, amesenjala aimirira." Che Sumani anatembenuza imodzi, anapaka chala pansi pake posalala, n'kuibweza. Atandiona ndikudabwa anati pansi posalala pamaterereka pa chopondera mvula ikagwa, ndiponso ukaponda pansi pa mphambano pamene pali mafuta. Iliyonse imene ankaitola ankaigwira kuzala ndi kuchidendene n'kuipotokola ngati akufinya chovala. Yopotoka ankaiponya pambali. "Mmene yapotokera imeneyi ndi mmene lidzapotokere phazi lanu pansi pa njinga." Za zingwe ankazikana chifukwa, kuwonjezera pa kuchedwetsa pa mkeka, chingwe chikakola pa giya munthu amafuna kutsitsa phazi n'kupeza lamangidwa, n'kugwa ataima pamaso pa anthu.

Tinapeza ina yakuda imene inakhoza zonsezi, ndipo inandikwana bwino. Ndinali wokonzeka kuitenga. Che Sumani anaitengera padzuwa, anatsegula kukamwa kwake n'kusuzumira m'kati nthawi yaitali. Kenaka anandiitana. Pa chikopa chofewa cha m'kati panali timadontho ting'onoting'ono tokhala titatu titatu.

"Mukuona? Kunja ng'ombe, m'kati nkhumba. Azungu amakonda kuyalamo chimenechi chifukwa n'chofewa. Mukanavula pakhomo pa munthu, n'kuisiya chotsegula pambali pa mkeka, bwenzi titangosintha nkhumba yakunja ndi yam'kati."

Wogulitsa anagwira m'chiuno. "Madala, inu mudzandiphetsa ndi njala. Nsapato mpaka kuifunsa mtundu?"

Imene tinatenga inali pansi penipeni pa thumba limene anali asanakhuthule. Inali yofiirira ngati dothi la kwathu, yokwera zala zingapo pamwamba pa akakolo, ya zipi m'mbali ndi kachikopa kophimba zipiyo kuti madzi ndi mchenga zisalowe. Pa akakolo mbali zonse ziwiri panali polimba ngati anabisamo ndalama yachitsulo. Chidendene chinali chokwera pang'ono, chokwanira kukola pa chopondera, ndipo pamwamba pa zala za kumanzere anasokererapo chigamba pamene giya imakhudza. M'kati munali nsalu. Che Sumani anaipotokola mpaka mitsempha ya m'manja inaoneka, koma siinalole. Anandiuza kuti ndiikande ndi mwala kuchidendene, ndiiponde ndi jombo langa kuzala, ndichite chilichonse chimene mtima wanga ukufuna. Ndinatenga nthawi pa chidendenepo, ndikukanikiza ndi zala zonse ziwiri zazikulu, ndipo iwo anandisiya osandifulumiza. Kenaka anandiyendetsa mpaka ku siteshoni ndi kubwerera, wogulitsa akutitsatira kumbuyo kuopa kuti tithawa nazo. Ndinanjuta, ndinakwera pa mulu wa miyala, ndinavula ndi kuvala nditaima. Nditatsitsa thalauza pamwamba pake, zinangooneka ngati nsapato za mphunzitsi wamkulu.

"Koma bwana," ndinatero tikumanga katundu, "izi n'zakaunjika. Nanga ngati mzungu wake ankaweta nkhumba?"

"Mwina ankaweta. Koma sanakadzitame pa tiyirumu ya pa Ntaja."

Majombo akale ndinawagwira nthawi yaitali ndisanawapereke. Kunena zoona ndinkaona ngati ndikuphwanya lumbiro. Che Sumani anapeza dalaivala wa minibasi ya ku Phalula amene ankamudziwa, ndipo tinawatumiza kwa mlimi wina wa nkhumba amene ankawasirira kuyambira kale. Pobwerera ndinayendetsa ndine. Phazi linkamva giya bwinobwino, chinthu chimene ndinali nditaiwala, koma msongolo unkamva mphepo, ndipo mpaka pa Liwonde ndinkangoyang'ana pansi.

Titafika pa Ntaja sanalole kuti tipite kunyumba. Anaimitsa pa tiyirumu ija. Anati nkhani inalowera pamenepo, iyenera kutulukiranso pomwepo. Anaitanitsa tiyi, n'kuyamba kudandaula mokweza kwa mwini tiyirumu, theka m'Chiyao theka m'Chichewa, kuti wataya Loweruka lonse kusankhira nsapato munthu wamkulu ngati mwana wa sukulu, kuti majombo aja akwera minibasi kubwerera kwawo kwa eni ake, ndipo kuti nsapato ina anaikana yekha atasuzumira m'kati. Abambo anaseka. Mkulu uja amene anasuntha kapu yake anapempha kuti aone, ndipo nditavula anaitembenuza m'manja mwake, anasuzumiramo, n'kuipatsira mnzake.

Ntaja, Lolemba lotsatira

Ndinkayembekeza kuti Che Sumani andiperekeza, koma anakana. Anati akapita iwo anthu atsekera nkhuku chifukwa cha iwo, ndipo mawa lake ndidzakhala pomwe ndinali. Anandipatsa botolo limodzi lokha limene linatsala mu furiji.

Ndinayambira kwa Abiti Jafali, dzuwa likungotuluka. Njinga ndinaizimitsa patali, chipewa ndinachisiya pa chiwongolero. Anatuluka n'kuima pa mpata wa mpanda monga mwa masiku onse. Sanayang'ane nkhope yanga.

"Zimenezi ndiye zija zatchuka?"

"Ndi zomwezo, mayi."

"Zija zina akuti zinakwera minibasi. Zinalipira zokha?"

"Zinakhala pa injini, mayi, mpando zinaukana."

Anabisa kukamwa ndi nsalu, kenaka anapatuka pa mpata. Pakhonde panali mkeka. Ndinatsitsa zipi, ndinavula, ndinaziika pambali, ndipo ndinakhala pansi. Sokosi yakumanja inali yobooka pa chala chachikulu, ndipo ndinayesa kuibisa pansi pa mwendo wina. Iwo anaona. Anati, "Musabise, baba, tsopano ndiye mwaoneka munthu." Anandifunsa kwathu, ana angati, ngati mayi anu azolowera madzi a kuno. Anandifunsa ngati dontholo silichititsa khungu nkhuku, ngati mazira adyedwa tsiku lomwelo, ndi chifukwa chake nkhuku za mlamu wawo zinafa chaka china zitalandira katemera. Ndinayankha zimene ndinkadziwa, ndipo za mlamu wawozo ndinati sindikudziwa, mwina zinali zitadwala kale. Nthawi yonseyi mtima wanga unali pa fulasiki, chifukwa dzuwa linkakwera, koma ndinakhala.

Atakhutira anaimirira, anapita kuseri, ndipo anabwera ndi thadzi lalikulu lamawangamawanga n'kundiikira pamiyendo. "Yambani ndi iyi, ndi yamwano ngati mwini wake." Kenaka anatembenukira ku mpanda n'kufuula m'Chiyao mayina a anzawo. Sindinadziwe kuti azimayi anali ataima kuseri kwa mipanda yawo akudikira. Anabwera ndi madengu, ena ndi nkhuku m'khwapa, ena atazimanga miyendo ndi luzi. Ndinavala nsapato kuti ndilowe m'khola, ndinavulanso pa khomo lotsatira, ndipo m'mawa umenewo zipi ija inagwira ntchito kuposa injini. Botolo linatha mzere usanathe, ndipo amene anatsala anandikalipira kwambiri, mmodzi mpaka kunena kuti ndakondera.

Ndinafika ku ofesi nthenga zili m'tsitsi ndi zitosi pa thalauza. Che Sumani anali pansi pa mango akupukuta njinga yawo. Sanatukule mutu.

"Botolo mwatayira kuti lero?"

"Latha, bwana. Ndipo andikalipira. Akuti mawa ndikapanda kubwera ndi lina abwera kuno ndi nkhuku zawo."

Anapinda kansanza kawo bwinobwino n'kukaika pansi pa chishalo.

"Ndiye mwaimiriranji? Furiji ya katemera ku Balaka amatseka msanga. Ine nkhuku mu ofesi mwanga sindizifuna."